Tsitsani Dzanja, Ndinu a B

"Ndiye mwati ndikhale chete? Anthu onse aja andiseke, ine ndikhale chete?"

Febe anaponya mpango wake pampando n'kuima pakhomo, manja ali m'chiuno. Mwamuna wake, Cornelius, anali atakhala pakhonde akumasula zingwe za nsapato pang'onopang'ono, ngati kuti vuto lalikulu la tsikulo linali zingwezo.

"Sindinati mukhale chete, amake Chisomo. Ndati tsitsani mawu. Anthu akudutsa."

"Mawu akuti 'tsitsani' ndawamva mokwana lero. Uko tsitsani dzanja, kuno tsitsani mawu. Mawa mudzati nditsitse chiyani? Mutu?"

Anali atangochokera ku msonkhano wa Tiyenge, kampani ya alimi imene inkayenga mafuta a mtedza ndi a mpendadzuwa chakumadzulo kwa Nsaru. Kumsonkhanoko, m'shedi ya fakitale, wapampando, Bambo Alufeyo, analengeza kuti munthu wina wachuma wa m'tauni akufuna kugula fakitale pamodzi ndi malo ake, ndipo voti yomaliza idzachitika Loweruka lomaliza la mweziwo. Atafunsa ngati panali wotsutsa, dzanja la Febe ndi limene linayamba kukwera. Bambo Alufeyo anamuyang'ana pamwamba pa magalasi awo n'kunena mwaulemu woopsa kuti, "Mayi, tsitsani dzanja. Inu ndinu a B." Shedi yonse inafa ndi phwete.

"Tsiku lija munabwera ndi mapepala pano ndinakufunsani," Febe anapitiriza. "Ndinati, kodi A ameneyu ndi B ameneyu n'chiyani? Munayankha kuti chiyani?"

"Zakale zimenezo."

"Munayankha kuti chiyani, bambo ake Chisomo?"

Cornelius anakanda m'khosi, pamene panali kachingwe ka kiyi wa sutikesi yake. "Ndinati ndi makalasi a masheya."

"Munati zili ngati Sitandade 5A ndi 5B. Mphunzitsi yemweyo, mabuku omwewo, mayeso omwewo, kungoti ana achuluka chipinda chachepa. Eti si mmene munanenera? Ine ndinali wa 5B, ndipo a 5A ndinkawaposa onse pa masamu. Ndinasaina ndikuseka, chitsiru ine."

"Komatu a B mumayamba ndinu kulandira phindu, ife a A pambuyo. Si ulemu umenewo?"

"Phindu lake liti? Mvula yagwa kawiri tikungomva kuti makina awonongeka, makina awonongeka, pamene malole akutuluka odzaza. Tamverani, fakitale ija yakhala pamunda wa malemu mayi anga. Ndinaupereka ine kuti akazi a muno asamayende ndi mtedza pamutu kukabedwa ndi mavenda. Inu munapereka chiyani kuti mukhale A?"

"Ndine mlembi. Ndinayenda ndi mapepala mpaka ku Lilongwe, katatu."

"Ohoo. Ndiye bolopeni yanu ikuvota, munda wanga ayi."

Cornelius ananyamula nsapato n'kulowa m'nyumba chammbali, kuopa kumukhudza.

Panapita masiku anayi akuyankhulana kudzera mwa nkhuku. Febe akafuna kunena kuti madzi osamba apsa, ankauza tambala. Cornelius akafuna kunena kuti akuchoka, ankatsanzika njinga yake. Koma Lachisanu masana anabwera kuchokera ku Nsaru atamanga chigubu chachikasu pakaliyala, nachiika pafupi ndi mphasa imene Febe anakhalapo akuswa mtedza.

"Nambewe," anaitana motsitsa.

Zala za Febe zinaima. Dzina la mfunda wakelo anali asanalimve pakamwa pa mwamunayu kwa zaka zambiri. Ndi mmene ankamuitanira masiku aja Febe ankagulitsa mandasi pamsika wa Nsaru, Cornelius n'kumagula beseni lonse kuti apeze chifukwa chomuperekezera kwawo, kenaka n'kumusiyira kalata pansi pa nsalu yovundikira beseni.

"Nambewe, malita asanu awa. Ndagula ndi ndalama zanga. Ndakumbuka mandasi anu."

"Mandasi akonza bwanji za munda?"

"Za munda tikambirana. Koma mtima wanga sukugona, mkazi wanga."

Febe anayesetsa kuumitsa nkhope, koma nkhopeyo inamupereka. Madzulo ake fungo la mandasi linamveka mpaka kwa aneba, ndipo anthu awiriwo anadya atakhala pamphasa imodzi, mapewa atagundana. Za munda sanakambirane.

Lamulungu kunafika Veronica, mng'ono wake wa Febe, amene ankagwira ntchito muofesi ya maakaunti m'tauni. Atangomva nkhani yonse anagwira pakamwa.

"Asisi, munasaina osawerenga malamulo a kampani?"

"Ali m'Chingerezi. Komanso ali m'sutikesi ya alamu ako, ndipo kiyi amagona naye m'khosi."

"Savula?"

"Akamasamba basi. Amapachika pampanda wa bafa."

Anayang'anizana. Veronica anayamba kumwetulira.

Mmene Cornelius ankalowa m'bafa ndi ndowa yake, akuimba nyimbo ya kwaya molakwitsa mawu monga mwa masiku onse, Febe anali atabisala kuseri kwa mpanda wa udzu ndi kabango m'manja. Anadikira mpaka nyimbo inasanduka kung'ung'udza, chizindikiro choti sopo wafika kumaso, ndipo anakola kachingwe kaja. Kiyi anagunda nsungwi, ngwe! Nyimbo inaima.

"Ndani?"

"Nkhuku!" anayankha Febe asanaganize.

"Nkhuku?"

"Ndikuthamangitsa nkhuku. Sambani."

M'nyumba, Veronica anatsegula sutikesi, napeza kabuku kachikuto chobiriwira pansi pa jekete la ukwati, najambula tsamba lililonse ndi foni. Kiyi anabwerera pampanda mwini wake akutsanulira madzi omaliza.

Anakawerengera kuseri kwa nkhokwe. Veronica ankayendetsa chala pafoni, Febe akumusuzumira paphewa ngati Chingerezicho chingamumvere chisoni.

"Imvani, asisi. Sheya ndi kachigawo ka umwini wa kampani. Koma masheya sakhala ofanana onse. Makampani ambiri, ngakhale akuluakulu, amawagawa m'magulu, ndipo gulu lililonse limakhala ndi ufulu wakewake. Pano a gulu A ndi amuna asanu ndi awiri amene anayambitsa, ndipo iwo ndi amene amavota. A gulu B ndinu amene munapereka mtedza, ndalama kapena malo. Phindu likapezeka mumayamba ndinu kulandira, koma pa zosankha mulibe mawu."

"Ndiye n'zololedwa? Munthu kukhala mwini wopanda pakamwa?"

"N'zololedwa. Ena amagula dala masheya otere chifukwa akungofuna phindu, za misonkhano alibe nazo ntchito. Koma amagula akudziwa. Cholakwika n'chakuti inu munauzidwa za 5A ndi 5B."

"Tonse tinauzidwa zomwezo. Ndine ndinauza anzanga. Anati, poti wanena ndi mkazi wa mlembi." Febe anakhala pansi. "Basi, munda wapita."

"Dikirani kaye." Chala cha Veronica chinaima. Anawerenga, nabwereza, milomo ikugwedezeka. "Ndime 14. Asisi! Akuti aliyense wa gulu B amene sanalandire phindu lake kwa zaka ziwiri zotsatizana, amakhala ndi voti ngati wa A, sheya iliyonse voti imodzi, mpaka atalipidwa. Ndipo kugulitsa fakitale kumafuna kuti pa mavoti anayi alionse, atatu avomere. Setifiketi yanu ili kuti?"

Febe anathamangira m'nyumba n'kubwera nayo itakulungidwa m'pepala la pulasitiki. Veronica atangoona anaseka mpaka misozi.

"Munda unawerengedwa ngati masheya ochuluka kuposa a munthu aliyense. Inu nokha mukakana, sagulitsa. Koma musauze alamu. Mwamva? Ngakhale akutcheni Nambewe kakhumi."

M'mawa mwake Febe anayamba kuyenda khomo ndi khomo kuti auze akazi anzake a gulu B. Anayambira kwa Martha, mnzake wa kumpingo, amene anapereka matumba a mtedza a chaka chonse kuti agule masheya. Anamupeza akukazinga matemba, fungo la mafuta lili tolo.

"Wabwera bwino, Febe! Phindu lija latuluka. Iwe sunalandire?"

"Phindu?"

Martha analoza botolo la malita awiri limene linali pawindo. "Lachisanu lapitali. Anatiitana mmodzimmodzi kuofesi, aliyense botolo lake, kenaka kudinda chala."

"Papepala panalembedwa chiyani?"

"Kaya. A Alufeyo anati n'zosonyeza kuti walandira phindu lako lonse la zaka ziwiri ndipo wakhutira."

"Lonse? Botolo limodzi? Martha, wagulitsa voti yako ndi botolo!"

Febe anafotokoza za ndime 14, akubwereza kawiri, akujambula pansi ndi kamtengo. Martha anamvetsera akutembenuza matemba.

"Mwina ukunena zoona," anatero pomaliza. "Koma mafuta akwera mtengo, mnzanga. Ana anga atha miyezi itatu akudya ndiwo zowiritsa. Votiyo ndingakazingire chiyani? Komanso akuti fakitale ikagulitsidwa aliyense alandira kenakake."

"Nanga chaka chamawa mtedza ukagulitsa kuti?"

"Chaka chamawa tidzaona chaka chamawa."

Makomo asanu ndi anayi anayenda Febe tsiku limenelo, ndipo pawindo lililonse panali botolo. Ena anamuseka, ena anamuuza kuti akuchita nsanje poti iye sanaitanidwe. Pobwerera, ali pakati pa njira, mawu a Martha anamubwerera m'mutu. Lachisanu lapitali. Anaima chilili pamsewu mpaka wakabaza anamuimbira belu.

Anapeza Cornelius akupopa njinga.

"Bambo ake Chisomo, mafuta aja munagula sitolo iti?"

"Ku Nsaru."

"Ndamva kuti ku Nsaru. Sitolo iti?"

"Ija ya pafupi ndi siteji. Bwanji, sakukoma?" Dzanja lake linapita m'khosi.

"Akukoma," anatero Febe. Analowa m'khitchini n'kuchiyang'ana chigubu chija nthawi yaitali. Chinalibe chizindikiro cha sitolo iliyonse. Koma iye sanadinde chala paliponse, sanasaine chilichonse. Anadzilimbitsa mtima ndi zimenezo. Kuyambira tsiku limenelo ndiwo za pakhomopo zinali zowiritsa, ndipo Cornelius ankadya osafunsa.

Loweruka lomaliza la mwezi shedi inadzaza msonkhano usanayambe. Amuna asanu ndi awiri a gulu A anakhala kutsogolo pamipando yapulasitiki, a gulu B pamatumba opanda kanthu. Panja panaima galimoto yoyera ya wogula uja, mwini wake ali m'katimo magalasi atatseka. Veronica anaimitsidwa pakhomo poti sanali membala, ndipo anakaima pawindo.

Bambo Alufeyo anayankhula nthawi yaitali za makina okalamba ndi mwayi umene subwera kawiri. Kenaka anati, "Ovomera kuti tigulitse." Manja asanu ndi limodzi anakwera msanga. La Cornelius linakwera pomaliza, mpaka paphewa pokha, maso ali m'kaundula.

"Otsutsa."

Febe anaimirira, nakweza dzanja mpaka chala chinaloza malata.

"Mayi," anatero Bambo Alufeyo mopuma, "kodi tibwerezenso? Tsitsani dzanja."

"Sinditsitsa. Ndime 14."

Febe ananena ndime yonse m'Chichewa monga anailoweza. Atamaliza, Bambo Alufeyo sanaoneke odabwa ngakhale pang'ono. Anatsegula fayilo mosafulumira n'kusolola pepala.

"Mayi awerenga, tiwayamikire. Koma ndime imeneyo ndi ya amene sanalandire phindu. Mayi Febe analandira lawo lonse, malita asanu, kuposa aliyense muno. Anasaina okha. Bwerani muone."

Febe anayenda pakati pa anthu n'kutenga pepalalo. Dzina lake linalidi pamenepo. F wake anali ndi kamchira kopindikira m'mwamba ngati nsonga ya dzungu. Padziko lonse panali munthu mmodzi yekha amene ankalemba dzina lake motero, ndipo makalata ake Febe anali akuwasungabe m'chitini pansi pa bedi.

Sanakuwe. Anatembenukira kwa mwamuna wake, pepala lili m'manja.

"Bambo ake Chisomo, pamaso pa anthu onsewa, walemba apa ndani?"

"Mlembi sayankha mafunso a pabanja pamsonkhano," anadula Bambo Alufeyo. "Za kunyumba zikathere kunyumba."

"Sindikufunsa mlembi. Ndikufunsa amuna anga. Cornelius, ndiyang'aneni. Mukati ndasaina ndine, ndikhala pansi, munda upite. Sinditsutsana nanu pagulu. Ingonenani mukundiyang'ana."

Cornelius anadzutsa mutu. Thukuta linali litadontha pakaundula n'kufufutitsa inki. Anayang'ana wapampando, anayang'ana galimoto yoyera panja, kenaka mkazi wake.

"A Cornelius," ananong'ona Bambo Alufeyo, koma onse anamva, "ganizani bwino."

Cornelius anaika bolopeni pansi n'kuimirira.

"Ndinasaina ndine."

"Khalani pansi, inu!"

"Ndinasaina ndine. Akazi angawa sanaone pepalali. Mafuta ndinawauza kuti ndagula." Analoza Bambo Alufeyo. "Anandilonjeza ukapitawo wa nyumba zosungiramo katundu zimene wogulayo amange pano, ndi kanyumba ku Nsaru kolembedwa dzina langa. Zaka khumi ndi zinayi ndili pachikamwini m'mudzi muno, abale anga. Ndabzala mitengo, ndamanga nyumba, koma palibe ngakhale nthochi imodzi imene ndingati ndi yanga. Ndinafuna khomo loti wina asadzandiuze kuti nyamuka. Ndalakwa, koma chifukwa chake n'chimenecho."

Shedi inaphulika. Bambo Alufeyo anamenya tebulo akukuwa kuti kusainira munthu wina ndi mlandu wa kupolisi, ndipo mlembi wachotsedwa pompo. Veronica anayankha ali pawindo kuti apolisiwo akabwera afunsenso amene anapereka pepalalo, ndi mabuku a malole aja. Wapampando anavula magalasi n'kuyamba kuwapukuta. Za apolisi sanazitchulenso.

Mmodzi wa amuna a gulu A, mkulu wina amene anakweza dzanja chifukwa choti anzake akweza, anapempha kuti ndime 14 iwerengedwe mokweza ndipo voti ibwerezedwe. Inabwerezedwa. Dzanja la Febe linakwera lokha mbali ya otsutsa, ndipo linakwana. Galimoto yoyera inalira n'kuchoka, fumbi lake likulowa m'shedi.

Palibe amene anamuimbira nthungululu. Akazi ena anatuluka akung'ung'udza kuti wawatayitsa ndalama chifukwa cha munda wa munthu amene anamwalira kale. Martha anadutsa pafupi naye osamuyang'ana, koma atafika pakhomo anabwerera.

"Ndiye ife a mabotolo, voti yathu inapitiratu?"

"Veronica akuti pepala lodinda munthu atanamizidwa likhoza kutsutsidwa. Koma mpaka mutafuna nokha."

"Tiona," anatero Martha, napita.

Febe anatuluka pomaliza. Anaima pang'ono kuyang'ana malo aja, kuchokera pa shedi mpaka kumalire kumene kunali mzere wa nsenjere umene mayi ake anabzala. Zonse zinali pomwepo. Anayembekezera kuti mtima usangalala, koma unangotopa.

Panjira yopita kwawo Veronica anatsogola dala. Cornelius ankabwera pambuyo akukankha njinga, osayerekeza kukwera kapena kufika pambali pa mkazi wake. Anayenda choncho mpaka anadutsa dambo.

"Nambewe."

"Dzina limenelo lisiyeni kaye. Munaligwiritsa ntchito molakwika."

"Amake Chisomo." Anakhosomola. "Ndinanena zoona pamapeto."

"Pamapeto."

"Ndiye ndikafika, ndilongedze sutikesi? Kapena ndikhale?"

Febe anaima n'kumuyang'ana. Anaona imvi zimene zinayamba kumera m'mbali mwa makutu ake, ndi kolala ya shati imene anaisita yekha m'mawa umenewo, mokhotakhota. Anamukwiyira kwambiri moti anafuna kumukankhira m'dambo pamodzi ndi njinga yake, ndipo anafunanso kumuwongolera kolalayo. Sanachite chilichonse mwa ziwirizi.

"Zaka khumi ndi zinayi, simunandiuzepo kuti mumagona ndi mantha m'nyumba mwanga," anatero. "Munakauza a Alufeyo."

"Ndinkachita manyazi."

"Ndikaganiza. Mwina sabata, mwina mwezi. Musanditumizire ankhoswe, musandigulire kanthu, musandinyengerere."

"Nanga ine maganizo anga ndinganene?"

"Ayi," anatero Febe akuyambanso kuyenda. "Nkhani imeneyi wovota ndine ndekha."